Lipoti la Ntchito Yopempha Thandizo Lomangiranso Misewu ya M'dera la Anthu Opeza Zochepa

Lipoti lino likufotokoza momwe tidakonzera pempho la thandizo la ndalama zosabweza zomangiranso misewu ya m'kati mwa dera lina la mumzinda, lomwe anthu ake ambiri ndi opeza zochepa. Ine ndidagwira ntchitoyi ngati injiniya wa misewu wolembedwa ndi khonsolo kuti ndiunike misewuyo komanso kutsogolera gulu lolemba chikalata cha pempho. Sinditchula dzina la deralo, la khonsolo, ngakhale la thumba lomwe lidapereka ndalama, poti ntchito yomanga idakali m'kati. Chomwe ndikufuna kuti anzanga a ntchito imeneyi atolepo ndi njira yomwe tidatsata kuti dandaulo la anthu osauka limveke kwa ogawa ndalama, omwe miyeso yawo nthawi zambiri imakomera misewu ya magalimoto ambiri.

Misewu ya m'derali idathiridwa phula kalekale, nyumba zikadali zotalikirana, madzi a mvula akulowa okha m'nthaka ya m'mabwalo. M'kupita kwa zaka anthu adachuluka, malo opanda kanthu adamangidwa onse, ndipo madzi omwe kale nthaka inkamwa adayamba kutsika m'madenga n'kuthamangira mumsewu. Ngalande zidatsala zomwe zija zakale, zing'onozing'ono, zambiri mwa izo zitakwiririka ndi mchenga. Pomwe tinkayamba ntchito, galimoto yotola zinyalala idali itasiya kulowa m'misewu ya kumunsi kwa deralo, ndipo nyengo ya mvula ambulansi inkaima pa msewu waukulu kudikira kuti wodwala amunyamulire pomwepo.

Khonsolo idali itapemphapo kale thandizo ku thumba lomweli, koma pempho lidakanidwa. M'chikalata choyambacho mudali zithunzi zambiri za maenje, mndandanda wa misewu yonse ya m'deralo, ndi mtengo wothira phula latsopano pamwamba pa lakale. Owunika adayankha mwachidule kuti chikalatacho sichidafotokoze chomwe chidaononga misewu, sichidapereke umboni woti opindula ndi anthu opeza zochepa, komanso sichidanene yemwe adzasamalire misewuyo ikamangidwa. Ndidaona kuti owunikawo adanena zoona, ndipo pempho lachiwiri tidalimanga poyankha madandaulo awo omwewo.

Chomwe chidaononga misewu

Tidayamba ndi kuyenda wapansi msewu uliwonse, tikulemba mtundu wa kuonongeka, kukula kwake ndi malo ake. Tidatsata muyeso wotchedwa Pavement Condition Index, womwe adauyambitsa ndi mainjiniya a gulu la asilikali a dziko la United States ndipo umapatsa msewu mapointi kuyambira 0 mpaka 100. Ubwino wa muyesowu ndi wakuti wowunika yemwe sadapondeko m'deralo angathe kuyerekeza misewu yathu ndi ya mapempho ena pogwiritsa ntchito nambala imodzi. Komabe nambalayo imangonena za pamwamba pa msewu, ndipo matenda a misewu imeneyi adali pansi.

Choncho tidakumba mayenje oyesera m'mbali mwa misewu, ndipo tidasankha dala kukumba nyengo ya mvula, pomwe nthaka imaonetsa khalidwe lake lenileni. Pa msewu wina wa kumunsi, titangokumba kufika m'mawondo, madzi adayamba kutuluka m'makoma a dzenjelo. Miyala yophwanya yomwe idayalidwa pansi pa phula ngati maziko idatuluka itasakanikirana ndi dongo, yofewa moti munthu ankatha kuiumba m'manja. Chapafupi pomwepo padali kalavati yodzaza mchenga ndi mapepala a pulasitiki mpaka kukamwa, ndipo eni nyumba za mbali yotsika adali atamanga timakoma ta njerwa pa makomo awo kuti madzi a mumsewu asalowe m'nyumba. Timakoma timeneti tidatijambula ndi kutiika pa mapu, chifukwa tinkaonetsa malire enieni a madzi osefukira kuposa momwe chida chilichonse chikadaonetsera.

Mphamvu ya nthaka tidaiyeza ndi chida chokhomera pansi chotchedwa Dynamic Cone Penetrometer, ndipo dothi lina tidalitumiza ku labotale kukayeza California Bearing Ratio, muyeso wa mphamvu ya dothi yosenza kulemera, litanyowetsedwa. Zotsatira zidagwirizana ndi zomwe maso adaona. Ming'alu yolukanalukana ngati khungu la ng'ona, yomwe idali ponseponse m'misewu ya kumunsi, ndi chizindikiro chakuti maziko atopa ndipo msewu ukupindika galimoto ikamadutsa. Phula latsopano pa maziko otere limang'ambika posachedwa motsata ming'alu yakale. Pempho loyamba likadavomerezedwa, ndalama zikadathera pa ntchito yosakhalitsa, ndipo deralo likadataya mwayi wopemphanso kwa zaka zambiri.

Tidapezanso zinthu zina ziwiri zomwe sizidatchulidwe m'chikalata choyamba. Mipaipi yakale ya madzi inkadontha pansi pa misewu ingapo, kotero nthaka siinkauma ngakhale nyengo ya dzuwa. Komanso malole onyamula katundu wolemera ankadulira pa msewu umodzi wa m'deralo pothawa kuthithikana kwa magalimoto pa msewu waukulu. Mayeso a AASHO Road Test, omwe adachitika ku Ottawa m'chigawo cha Illinois kuyambira 1958 mpaka 1960, adaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri za galimoto) kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Izi zikutanthauza kuti lole imodzi yodzaza imaononga msewu kuposa magalimoto ang'onoang'ono zikwi zingapo, ndipo anthu a m'deralo, omwe ambiri alibe n'komwe galimoto, ankavutika ndi msewu woonongedwa ndi odutsa.

Kauniuniyu adatithandiza kugawa misewu m'magulu. Ina inkafunika kufukulidwa ndi kumangidwanso kuyambira pansi, ina inkangofunika kutseka ming'alu ndi kukonza ngalande, ndipo ingapo ya kumtunda idali bwino ndithu. Ya kumtundayi tidaichotsa mu pempho. Makhansala ena sadakondwe nazo poyamba, koma pempho lopempha zofunika zokha limakhulupirika kwa owunika, ndipo mtengo wake umatsika kufika pomwe thumba lingakwanitse.

Kuwerenga anthu m'malo mwa magalimoto

Apa ndi pomwe madera osauka amagonjera kawirikawiri, ndipo ndi pomwe tidathera nthawi yaitali. Njira yodziwika yoyezera phindu la msewu, monga ya pulogalamu ya pa kompyuta ya HDM-4, imawerengera makamaka ndalama zomwe eni magalimoto adzapulumutse pa mafuta, matayala ndi kukonzetsa, pamodzi ndi nthawi ya apaulendo. Njirayi ndi yabwino pa misewu ikuluikulu. Koma msewu wa m'dera la osauka umadutsa magalimoto ochepa, mwa zina chifukwa ndi woonongeka kale, kenaka kuchepa kwa magalimotoko kumatengedwa ngati chifukwa chousiyira osakonza. Kuweruza kotere sikolungama, ndipo wolemba pempho ayenera kukutsutsa ndi umboni woti wowunika angaugwire.

Tidaika achinyamata a m'deralo pa mphambano zikuluzikulu kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, akuwerenga oyenda pansi, okwera njinga ndi okankha ngolo za katundu, masiku a sukulu ndi masiku opuma. Tidajambula mapu oonetsa nyumba zomwe ambulansi, galimoto yozimitsa moto ndi galimoto ya zinyalala sizingafikeko nyengo ya mvula. Chipatala chapafupi ndi masukulu adatilembera makalata ofotokoza zomwe amaona, ndipo tidawapempha kuti alembe zokhazo zomwe zili m'mabuku awo. Mayi wina wosamalira mwana wolumala adafotokoza pa msonkhano kuti mvula ikagwa njinga ya mwanayo siituluka pa khomo, kotero mwanayo amajomba kusukulu mpaka matope ataume. Ndi chilolezo chake, mawu akewo tidawaika m'chikalata popanda dzina, pambali pa mapu a msewu wake.

Umboni woti opindula ndi opeza zochepa umafuna kusamala kwambiri. Mathumba ambiri amaika malire omveka bwino. Mwachitsanzo, thumba la Community Development Block Grant la ku United States, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1974, limalola ntchito ya misewu yopindulira dera lonse ngati anthu osachepera 51 peresenti a m'deralo ndi opeza zochepa kapena zapakatikati. Thumba lomwe tidapemphako lidalinso ndi malire ake. Vuto lidali lakuti chigawo cha kalembera wa boma chidaphatikiza dera lathu ndi nyumba za anthu olemera za kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo zopeza zawo zidakweza chiwerengero cha onse. Tidapempha chilolezo kwa oyendetsa thumba kuti tichite kafukufuku wathu wa khomo ndi khomo, titawaonetsa kaye mafunso ndi njira yosankhira mabanja. Malire a dera lopindula tidawajambula motsata nyumba zomwe anthu ake amadaliradi misewuyo. Kukhotetsa malire kuti chiwerengero chikome ndi chinyengo, ndipo chikadziwika pa nthawi ya kafukufuku wa ndalama khonsolo imatha kulamulidwa kubweza zonse.

Pofotokoza phindu la nthawi yaitali tidatchula zomwe zidachitika kwina. Mu mzinda wa Acayucan ku Mexico, misewu yothiridwa phula koyamba idasankhidwa mwa maere, ndipo kafukufuku wa Marco Gonzalez-Navarro ndi Climent Quintana-Domeque, yemwe adasindikizidwa mu 2016, adapeza kuti m'zaka ziwiri mitengo ya nyumba idakwera ndi ndalama zofanana pafupifupi ndi zomwe zidamangira misewuyo, ndipo mabanja adayamba kukonza nyumba zawo ndi kugula katundu wa m'nyumba. Tidatchulanso Kampung Improvement Programme ya ku Jakarta, yomwe idayamba mu 1969, ndi Favela-Bairro ya ku Rio de Janeiro ya m'zaka za m'ma 1990, zomwe zidakweza madera osauka poika misewu, njira za oyenda pansi ndi ngalande anthu ali pa malo awo omwewo. Zitsanzozi tidazilemba mwachidule, chifukwa wowunika amapereka mapointi pa umboni wa dera lopemphalo.

Mapulani ndi bajeti

Dongosolo la ntchito lidayamba ndi madzi. Tidalondola njira yawo kuchokera kumtunda mpaka pomwe amathira mu mtsinje, ndipo tidaika mu bajeti ngalande yaikulu yotulutsa madzi m'deralo ngakhale mbali ina ya ngalandeyo ili kunja kwa malire a misewu yomangidwa. Ngalande za m'mbali mwa msewu zopanda kotulutsira zimangosamutsira chigumula kwa anansi a kumunsi. Pamwamba pa msewu tidapapendeketsa ndi 2 mpaka 3 peresenti kuti madzi asaime.

M'misewu ing'onoing'ono tidasankha njerwa za konkire zolukana m'malo mwa phula. Njerwazi zimayalidwa ndi manja, kotero zimapereka ntchito kwa anthu a m'deralo, ndipo paipi ya madzi ikaphulika zimazulidwa n'kubwezeretsedwa popanda makina akuluakulu. Phula tidalisiyira msewu wodutsa mabasi wokha. Khonsolo idavomera kuletsa malole olemera kudulira m'deralo, ndipo chigamulocho tidachimata ku chikalata. Bungwe logawa madzi lidasaina pangano lakuti lidzasintha mipaipi yodontha msewu usadatsekedwe. Panganoli lidatenga nthawi kuti lisainidwe, koma popanda ilo msewu watsopano ukadayamba kukumbidwa chaka choyamba chomwe.

Mu bajeti tidaika mtengo wa zonse zomwe mapempho ambiri amaiwala, monga kuyeza nthaka, kuyang'anira kontirakitala, kusuntha mapolo a magetsi, chipukuta misozi, ndalama zapadera za zogwa mwadzidzidzi, ndi kukwera kwa mitengo pakati pa tsiku lolemba pempho ndi tsiku loyamba ntchito. Thumbali limafuna kuti wopempha aikepo gawo lake, ndipo limabwezera khonsolo ndalama ikayamba yalipira kontirakitala. Tidakhala pansi ndi msungichuma wa khonsolo kuona ngati angathe kulipira kontirakitala pa magawo oyamba a ntchito podikira kubwezeredwa, popeza kontirakitala wosalipidwa amachotsa makina pa malo ndipo msewu wofukulidwa umakhala woipa kuposa wa maenje. Tidachenjezanso akuluakulu a khonsolo kuti asayambe ntchito iliyonse, ngakhale kusaina ndi kontirakitala, kauniuni wa zachilengedwe asadavomerezedwe, chifukwa ndalama zogwiritsidwa ntchito nthawi isadakwane mathumba ambiri sabweza.

Malo, malonda ndi anthu a lendi

Mapulani oyamba adatsata mulifupi wa msewu wolembedwa m'malamulo a mzinda, ndipo titauika pa mapu tidapeza kuti ukudya mipanda, makhonde, zimbudzi ndi timashopu tambiri. Malamulo a opereka thandizo ambiri, monga muyeso wachisanu wa ndondomeko ya World Bank ya zachilengedwe ndi za anthu yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2018, amafuna kuti kusamutsa anthu kupewedwe pomwe kungapeweke, ndi kuti ngakhale wopanda chikalata cha umwini wa malo athandizidwe pa zomanga zake ndi pa njira yake yopezera ndalama. Tidapempha khonsolo kuti ilole misewu yocheperako, ina yoyenda mbali imodzi, bola galimoto yozimitsa moto ithe kudutsa ndi kukhota. Chiwerengero cha okhudzidwa chidatsika kwambiri, ndipo ochepa otsalawo tidawalemba mmodzimmodzi pamodzi ndi katundu wawo pa tsiku lomwe lidalengezedwa poyera.

Misonkhano ya anthu siidali yophweka. Aliyense ankafuna kuti msewu wa pakhomo pake uyambe, ndipo eni nyumba ndiwo ankalankhula kwambiri pomwe anthu a lendi, omwe ndi ochuluka m'deralo, ankakhala chete kumbuyo. Tidakonza misonkhano yapadera ya anthu a lendi, ya amayi ochita malonda m'mbali mwa msewu ndi ya anthu olumala, pa nthawi yomwe iwo adasankha. Kumeneko ndi komwe kudatuluka nkhawa yomwe ndimaiona kuti ndi yoona: msewu ukakongola lendi idzakwera, ndipo osauka omwe dzina lawo lapezetsa ndalamazo adzakankhidwira kwina. Bambo wina wachikulire adangoti walira mvula walira matope, anzake n'kuvomereza. Injiniya alibe mphamvu pa lendi, ndipo sitidalonjeze zomwe sitingathe. Nkhawayi tidailemba poyera m'chikalata ngati chiopsezo, tidapempha kuti khonsolo isafulumire kukweza msonkho wa nyumba m'deralo, ndipo tidaika mu ndondomeko kafukufuku wobwereza wa mabanja omwewo ntchito ikatha, kuti zidzadziwike ngati opindula ndi omwe adalembedwa poyamba.

Mndandanda wa misewu yoyamba tidaupanga pogwiritsa ntchito miyeso yomwe anthu adagwirizana asadaone zotsatira: kuchuluka kwa oyenda pansi, kusefukira kwa madzi, ndi njira yopita ku chipatala ndi kusukulu. Mndandandawo utatuluka, odandaula adalipo, koma palibe adanena kuti wakonderedwa wina.

Kusamalira misewu ikamangidwa

Funso lachitatu la owunika ndilo lidali lovuta kwa khonsolo, chifukwa limakhudza ndalama zake zomwe. Lipoti la World Bank la 1988 lidapeza kuti maiko 85 otukuka kumene adataya misewu ya mtengo wa madola pafupifupi 45 biliyoni m'zaka 20, pomwe madola osakwana 12 biliyoni a ntchito yosamalira akadapulumutsa misewuyo. Opereka thandizo amazidziwa bwino izi, ndipo chiganizo chongoti khonsolo idzasamalira misewu sachiwerengera kanthu. Tidalemba ntchito yeniyeni ya chaka ndi chaka, monga kuchotsa mchenga m'ngalande ndi m'makalavati mvula isadayambe, kutseka ming'alu, kubwezeretsa njerwa zosuntha ndi kutola zinyalala kuti zisathere m'ngalande, ndipo ntchito iliyonse tidaipatsa mtengo ndi ofesi yoyankhapo. Msonkhano wa makhansala onse udavomereza kuti mu bajeti ya khonsolo mukhale mzere wapadera wa misewu ya m'derali.

Ena adaganiza zoti anthu a m'deralo azikonza ngalande mongodzipereka. Ine ndidakana, ndipo ndikukanabe. Anthu a m'madera olemera safunsidwa kufukula ngalande za pa misewu yawo, ndipo ntchito yodzipereka imazilala miyezi ikamapita. Tidagwirizana kuti khonsolo izilemba timagulu ta anthu a m'deralo pa kontirakiti yaing'ono yolipidwa, ndipo komiti ya deralo izitsimikiza kuti ntchito yagwiridwa malipiro asadatuluke.

Zotsatira

Pempho lidavomerezedwa, koma ndalama zomwe zidaperekedwa ndi zochepera pa zomwe tidapempha. Popeza chikalata chidali chitagawa kale ntchito m'magawo oti lililonse lingaime palokha, sitidafunike kujambulanso mapulani. Gawo loyamba lidatenga ngalande yaikulu, msewu wodutsa mabasi ndi misewu ya kumunsi yomwe imasefukira. Oyendetsa thumba adaika mfundo ziwiri zoti zikwaniritsidwe: onse okhudzidwa alandire chipukuta misozi makina asadafike, ndipo bungwe la madzi limalize kusintha mipaipi m'misewu ya gawolo. M'ndemanga zawo owunika adatchula zotsatira za kuyeza nthaka, mapu a nyumba zosafikika ndi ambulansi, ndi chigamulo cha makhansala cha ndalama zosamalira misewu ngati zomwe zidakweza mapointi a pempholi.

Pomwe ndikulemba lipotili, ngalande yaikulu yatha ndipo kontirakitala akuyala maziko a msewu wa mabasi. Kusintha mipaipi kwachedwa m'misewu ina, ndipo talamula kuti njerwa zisayalidwe kumeneko kufikira mipaipiyo itayesedwa ndi kupezeka kuti siikudontha. Misewu ya gawo lachiwiri tidzaipemphera ndalama pa mpikisano wotsatira wa thumbali, ndipo oyendetsa ake anena kale kuti adzayamba aona ngati khonsolo yatulutsadi ndalama zosamalira gawo loyamba m'chaka chake choyamba cha bajeti.